Mbiri ya Kafue Ili Kuti?

Basi ikachoka ku Lusaka kulowera kumwera, imadutsa pa Chilanga pamene pali fakitale ya simenti, n'kuyenda makilomita pafupifupi 45 onse pamodzi isanatsetserekere m'chigwa momwe muli tawuni ya Kafue. Apaulendo ambiri satsika. Amagula nthochi kapena nsomba pawindo, basi n'kuwoloka mtsinje, ndipo patsogolo pang'ono msewu umagawikana: wina wa ku Chirundu, wina wa ku Mazabuka mpaka ku Livingstone. Kwa anthu oterewa Kafue ndi malo ongodutsa. Koma amene watsika n'kufunsa kuti nyumba yosungiramo zinthu zakale ili kuti, amapeza kuti funso lakelo lilibe yankho lachidule.

Nyumba zikuluzikulu zoterezi, zimene ambiri amangoti myuziyamu, m'Zambia zili ku Livingstone, ku Lusaka, ku Ndola, ku Mbala ndi ku Choma. Pa mndandanda umenewu Kafue palibe. Mbiri ya tawuniyi inamwazikana. Ina ili m'makabati agalasi ku Lusaka, ina ku Livingstone, ina yaimirira pamtetete m'mbali mwa mtsinje, ndipo ina, imene ine imandidetsa nkhawa koposa, ili m'masutikesi ndi m'mitu ya anthu okalamba a ku Shikoswe, ku Zambia Compound ndi ku Kafue Estates. Wofuna kuidziwa ayenera kuitolera yekha, poyamba ndi miyendo, kenako ndi basi.

Poyambira pabwino ndi pa mlatho wa njanji, chifukwa tawuniyi inabadwira pamenepo. Njanji yochokera kumwera itawoloka Zambezi pa mlatho wa Victoria Falls mu 1905, cholinga cha eni ake chinali kukafika ku mgodi wa mtovu ndi zinki wa Broken Hill, kumene lero timati Kabwe. Panjira panali mtsinje wa Kafue, wotambalala ndiponso wosefukira nthawi ya dzinja. Kampani ya Pauling, imene inkayala njanjiyo, inamanga mlatho umene unatha mu 1906. Ndi wautali mamita 427, ndipo uli ndi zigawo 13 zachitsulo, chilichonse cha mamita pafupifupi 33, zokhala pa mizati ya konkire. Pa njanji yonse ya Rhodesia Railways panalibe mlatho wina wautali kuposa umenewu.

Ukaima chapatali m'mawa, nkhungu isanachoke pamadzi, zigawo zija zimaoneka ngati madengu achitsulo ondandalikidwa mumzere. Pansi pake msodzi amapalasa bwato lake mwakachetechete, akulambalala namasupuni, udzu woyandama uja umene wavutitsa mtsinjewu mpaka anthu kuupatsa dzina la Kafue weed. Sitima ikamabwera, phokoso limayamba kumveka m'zitsulo iyo isanaoneke. Zitsulo zimenezi zasenza katundu kwa zaka zoposa 100: malasha a ku Wankie opita ku migodi, mkuwa wopita kunyanja, asilikali a nkhondo ziwiri zikuluzikulu, ndi anyamata osawerengeka opita kukafuna ntchito. Mabuku amatchula dzina la kampani ndi la mainjiniya achizungu. Amuna amene anakumba maenje a mizati ija m'matope, pakati pa ng'ona ndi udzudzu, maina awo sanalembedwe pa mwala uliwonse. Mlendo aziwakumbukira akaima pamenepo. Achenjerenso: mlatho wa njanji si poyenda anthu, ndipo asanajambule chithunzi pa mlatho uliwonse ayambe wapempha kwa oyang'anira.

Wofuna kuona mitu ya sitima za malasha zonga zimene zinkawoloka apa ayenera kupita ku Railway Museum ku Livingstone, ulendo wa makilomita oposa 400. Kumeneko, pamalo amene kale anali a njanji ya Zambezi Sawmills, kwaimikidwa mainjini akale ndi mabogi amatabwa. Amene anafikako ku Chichiri ku Blantyre n'kuona mutu wa sitima umene uli pabwalo la nyumba ya zakale ija adziwa mtundu wa chisangalalo chimene mwana amakhala nacho akagwira gudumu lachitsulo lotalika ngati iye mwini.

Mlatho wa msewu nawo uli ndi nkhani yake. Woyamba unaikidwa mu 1949 ndi ndalama za Beit Trust, ndipo zitsulo zake zinachokera ku London, kumene zinali mlatho wongoyembekezera pa mtsinje wa Thames pa nthawi ya nkhondo yachiwiri. Tangoganizani, zitsulo zimene zinaona mabomba a ndege za Germany zinadzathera pa Kafue, zikusenza malole a chimanga ndi ng'ombe. Mlatho umene magalimoto akudutsapo masiku ano ndi wina, wa m'zaka za m'ma 1990.

Tisalakwitse n'kuganiza kuti kunalibe anthu njanji isanafike. Mtsinje wa Kafue, wautali makilomita oposa 1,500 ndipo wonse uli m'Zambia, wadyetsa anthu kuyambira kalekale. Kumadzulo kwa tawuniyi kuli dambo lalikulu la Kafue Flats, kwawo kwa Atwa odziwa usodzi ndiponso kodyetsera ng'ombe za Aila ndi Atonga. Chakumpoto ndi kum'mawa ndi dziko la Asoli a Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II, ndipo kumunsi, kumene Kafue amakathira mu Zambezi, kuli Agoba a ku Chiawa. Pa akasupe otentha a Gwisho, ku Lochinvar kumwera kwa dambo lija, akatswiri ofukula zakale anapeza m'zaka za m'ma 1960 mafupa a anthu ndi zida zamitengo za zaka pafupifupi 4,000. Mtengo suchedwa kuola, koma dothi lonyowa la pamenepo linasunga zidazo. Ku Ingombe Ilede, kufupi ndi kumene mtsinje wa Lusitu umakumana ndi Zambezi, anthu okumba malo oika thanki ya madzi mu 1960 anatulukira manda a anthu olemera, oikidwa ndi mikanda yagolide, mikanda yagalasi yochokera kutsidya la nyanja, ndi mkuwa woumbidwa ngati mtanda. Dzinalo m'Chitonga limanena za ng'ombe yogona, chifukwa cha mlambe wakugwa umene umaoneka motero. Zambiri zofukulidwa kumeneko zinapita ku Livingstone Museum, imene inayamba mu 1934 ndipo ndiyo yakale kuposa zonse m'dzikoli. Kumenekonso kuli makalata ndi katundu wa David Livingstone, amene mu Disembala 1855 anadutsa m'mapiri a Munali, pakati pa Kafue ndi Mazabuka, n'kuona mtsinjewu uli pansi pake. Pa msewu wa Chirundu palinso malo otetezedwa pamene mitengo yakale kwambiri inasanduka miyala, ndipo zidutswa zake zili mbwee pansi.

Kunja pang'ono kwa tawuni kuli sukulu ya Kafue Boys, ya mpingo wa United Church of Zambia. Ana asukulu ovala yunifolomu amene mungakumane nawo panjira akuyenda pamalo olemera mbiri. Sukuluyi inayamba ngati Kafue Training Institute, imene amishoni a Primitive Methodist anatsegula mu 1918 motsogozedwa ndi m'busa John Fell. Ankaphunzitsa aphunzitsi ndi alaliki, komanso ulimi, ukalipentala ndi zomangamanga. Fell pambuyo pake anakatsogolera sukulu ya Jeanes ku Mazabuka.

Mwa anyamata amene anaphunzira pa Kafue panali wina wochokera ku Maala, m'dziko la Aila, dzina lake Harry Mwaanga Nkumbula. Anamaliza Sitandade 6 mu 1934, anakhala mphunzitsi, anakagwira ntchito ku Mufulira ndi ku Kitwe, kenako anapita kukaphunzira ku Makerere ndi ku London. Owerenga a ku Malawi amve ichi: ku London komweko, mu 1949, Nkumbula ndi Dr Hastings Kamuzu Banda analembera limodzi chikalata chokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, zaka zinayi chitaganyacho chisanakhazikitsidwe. Mu 1951 Nkumbula anasankhidwa kukhala mtsogoleri wa chipani cha Congress cha Northern Rhodesia, imene lero ndi Zambia, ndipo mlembi wake wamkulu kuyambira 1953 anali Kenneth Kaunda. Awiriwa anamangidwa limodzi miyezi iwiri mu 1955 chifukwa chopezeka ndi mabuku oletsedwa, koma mu 1958 anapatukana, Kaunda n'kuyambitsa chipani chake. Bwalo la ndege la ku Livingstone lero limatchedwa dzina la Nkumbula. Ine ndimaona kuti mwana aliyense wa ku Kafue anayenera kudziwa kuti munthu ameneyu anasulidwira kwawo kuno. Sukulu si malo ongolowa mwachisawawa, choncho mlendo ayambe waonekera ku ofesi ya mphunzitsi wamkulu n'kunena chimene wadzera.

Nkhani ya ndale ikafika apa, ulendo umatibweza ku Lusaka, ndipo kuchokera ku Kafue munthu angathe kupita m'mawa n'kubwerako dzuwa lisanalowe. Nyumba yoyenera kuyambira ndi Chilenje House 394, mmene Kaunda ndi banja lake anakhala kuyambira Januwale 1960 mpaka Disembala 1962. Ndi kanyumba kakang'ono ka m'komboni, konga timene boma la atsamunda linkamangira antchito achikuda. Mkati muli mipando, bedi ndi ziwiya za nthawi imeneyo, ndipo pabwalo pali galimoto ya Land Rover imene inkayenda pa misonkhano ya chipani. Chimene chimagwira mtima ndi kuchepa kwa zipinda. Ukaima pakhomo n'kuona kuti anthu asanu atakhala pansi chipinda chadzaza, umadabwa kuti m'zaka zimenezi, kuphatikizapo chaka cha 1961 cha zipolowe za Cha Cha Cha, Kaunda, mtsogoleri wa chipani cha UNIP, ankagona ndi kulandira alendo m'malo otere. Pasanathe zaka ziwiri atachoka m'nyumbayi, pa 24 Okutobala 1964, dziko linalandira ufulu. Mnyamata wokulira m'nyumba ya zipinda ziwiri ku Kafue akalowa muno amaona nyumba yonga ya kwawo, ndipo phunziro limenelo buku silingamupatse.

Kuchoka apo ndi ku Lusaka National Museum, pa msewu wa Independence Avenue, imene inatsegulidwa mu 1996. Pansi pamakhala zojambula ndi zosema za amisiri a m'dzikoli. Pamwamba ndi pamene pali mbiri: zida zamiyala, mbiya, makasu ndi nkhwangwa zosula, ng'oma, chifanizo cha mudzi, zithunzi ndi nyuzipepala za nthawi yomenyera ufulu. Pali chigawo cha zithumwa ndi zipangizo za ufiti chimene ana asukulu amaunjikanapo, ena akuseka, ena atagwira dzanja la mnzawo. Palinso chifanizo cha chigaza cha munthu wakale wa ku Broken Hill. Chigaza chenichenicho chinapezeka mu mgodi mu 1921, chinatengedwa kupita ku London, ndipo chili ku Natural History Museum mpaka lero, ngakhale boma la Zambia lakhala likupempha kuti chibwerere. Anthu ambiri amadutsa pa kabati imeneyi osadziwa kuti akuona chongoumba. Njanji imene inawoloka pa Kafue mu 1906 inkathamangira mgodi womwewo, ndiye nkhani ya mlatho ndi ya chigaza ndi chingwe chimodzi.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndaonapo magulu a ana akulowetsedwa m'nyumba zoterezi ngati mbuzi zopita kudibi, mphunzitsi ali patsogolo akuyang'ana wotchi, ndipo pakutha pa mphindi makumi awiri onse ali panja akudya mabisiketi. Kuyenda kotero n'kutaya ndalama ya basi. Ndi bwino kusankha zinthu zitatu kapena zinayi n'kuima pa chilichonse nthawi yokwanira. Khasu lakale lili m'galasi lifunsidwe mafunso: analisula ndani, chitsulo anachitenga kuti, linkagula chiyani, n'chifukwa chiyani lili laling'ono kuposa la masiku ano? Ogwira ntchito m'nyumbazi amadziwa zambiri zoposa zolembedwa pa timapepala ta m'makabati, ndipo amakondwa munthu akawafunsa. Chinanso chothandiza ndi kupita ndi agogo. Gogo akaona mphika kapena msampha umene anaugwiritsapo ntchito ali mwana, pakamwa pamatseguka, ndipo mdzukulu amamva zimene sakanazimva kunyumba.

Tsopano tibwerere ku Kafue, ku mbali ya mbiri imene sindinaione itasungidwa mokwanira m'nyumba iliyonse mwa zimenezi. Pa 11 Novembala 1965 boma la Ian Smith ku Rhodesia linalengeza ufulu wake mopanda chilolezo cha Britain. Zambia, imene katundu wake wambiri ankadzera kumwera ndipo magetsi ake ankachokera ku Kariba, inapezeka ili pampanipani. Boma la Kaunda linaganiza zoti dziko lizipanga lokha zinthu zofunika, ndipo Kafue, pokhala ndi madzi, njanji ndi msewu, ndiponso pokhala pafupi ndi likulu, anasankhidwa kukhala tawuni ya mafakitale. Kudzera m'bungwe la boma la Indeco kunabwera Kafue Textiles, yoluka nsalu kuchokera ku thonje la alimi a m'dzikoli, ndi Nitrogen Chemicals of Zambia, imene inayamba kugwira ntchito mu 1970 itamangidwa ndi kampani ya Kobe Steel ya ku Japan. Fakitale imeneyi inkatenga malasha a ku Maamba n'kupanga feteleza wa alimi komanso mankhwala opangira zophulitsira miyala ku migodi. Kunalinso fakitale ya Bata yofufuta zikopa ndi ina yopanga yisiti. Kumunsi kwa mtsinje, pa Kafue Gorge, kampani ya Energoprojekt ya ku Yugoslavia inamanga damu ndi malo opangira magetsi amene anayamba kuwala kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Ena mwa madzi amene anthu a ku Lusaka amamwa amapopedwanso mumtsinje womwewu, pa Iolanda.

Anthu anakhamukira kuno kuchokera kumbali zonse: ku Chipata ndi ku Petauke, ku Mongu, ku Kasama, ku Copperbelt, ena makolo awo anachokera ku Nyasaland. N'chifukwa chake pamsika wa Kafue mumamva Chinyanja, Chitonga, Chibemba ndi Chilozi zikusinthana pakamwa pa munthu mmodzi. Nyumba za ku Kafue Estates zinamangidwira antchito amenewa. Mabanja ankadziwa nthawi poona magulu a anthu ovala maovolosi akupita ndi kubwera ku mashifiti. Mayi ankavala chitenje cholukidwa ndi mwamuna wake kapena mlongo wake. Matimu a mpira a m'mafakitale ankadzaza mabwalo Loweruka.

Kenako zinthu zinatembenuka. Mtengo wa mkuwa utagwa m'zaka za m'ma 1970, ndalama zakunja zogulira zipangizo za makina zinasowa. Kuyambira 1991 boma latsopano linatsegula malonda ndi kuyamba kugulitsa makampani a boma. Nsalu zotchipa zakunja ndi zovala za kaunjika, zimene kuno amati salaula, zinadzaza misika, ndipo fakitale ya nsalu inafooka mpaka makina anaima. Ya feteleza inapitirira movutikira, ikugwira ntchito pang'ono poyerekeza ndi kale. Mabanja ambiri anadikira ndalama zawo zopumira pantchito kwa zaka, ena mpaka kumwalira. Pambuyo pake kwabwera fakitale ya zitsulo, ndipo magetsi a Kafue Gorge Lower, okwana mamegawati 750, awonjezera mphamvu ya dziko. Tawuni sinafe. Koma m'badwo umene unaona zonsezi ndi maso, kuyambira tsiku lotsegulira mpaka tsiku lotseka geti, ukutha mmodzimmodzi.

Zinthu zawo zilipo. M'nyumba zambiri muli khadi la ntchito lokhala ndi chithunzi cha mnyamata amene lero ndi gogo, chipewa cholimba cha kufakitale, kalata yolembedwa ntchito ndi kalata yochotsedwa ntchito zitapindidwa pamodzi m'Baibulo, chitenje cha Kafue Textiles chimene mayi anakana kuchidula, chithunzi cha timu ya mpira, satifiketi ya zaka khumi za utumiki. Mwini wake akamwalira, ana amagawana mipando ndi wailesi, mapepala aja n'kukolezera mbaula. Palibe amene amachita zimenezi mwankhanza. Kungoti palibe anawauza kuti mapepalawo ndi chuma, ndipo palibe malo okawapereka.

Nyumba ya zakale siyamba ndi nyumba yosanja. Moto Moto Museum ya ku Mbala inayamba ndi wansembe mmodzi wa ku Canada, Jean-Jacques Corbeil, amene ankatolera zipangizo za Abemba ndi mitundu yoyandikana nayo kwa zaka zambiri isanatsegulidwe mu 1974. Ya ku Choma, yosunga chikhalidwe cha Atonga, ili m'nyumba yakale ya sukulu. Ku Malawi, malo a KuNgoni ku Mua anayamba mu 1976 ndi Bambo Claude Boucher ndi amisiri osema a m'deralo, ndipo lero zigoba za Gule Wamkulu zosungidwa kumeneko zimakoka anthu ochokera kutali. Ku Karonga anthu a m'boma lomwelo analimbikira mpaka nyumba yawo inatsegulidwa mu 2004, chifanizo cha mafupa a chinyama chakalekale cha Malawisaurus n'kukhala kwawo. Kafue ali ndi zonse zofunika: nkhani ya mtsinje ndi asodzi ake, ya njanji, ya sukulu ya mishoni, ya mafakitale. Chipinda chimodzi cha khonsolo, cha mpingo kapena cha sukulu chingakwane poyambira, ndipo bungwe la National Heritage Conservation Commission pamodzi ndi akatswiri a ku Lusaka National Museum alipo oti n'kupereka uphungu wa kasungidwe kake.

Pamene chipindacho chisanapezeke, ntchito ingayambe ndi foni ya m'manja. Inu aphunzitsi a mbiri ku Kafue, tumani ana a Giredi 11 kuti aliyense akakhale pansi ndi munthu mmodzi amene anagwirapo ntchito ku nsalu, ku feteleza, ku njanji kapena pa bwato, amujambule mawu atapempha chilolezo, alembe dzina la chigawo chimene ankagwiramo, malipiro ake oyamba, ndi zimene anachita tsiku limene ntchito inatha. Ndipo inu amene muli ndi sutikesi ya malemu bambo pansi pa bedi, musaitaye ndipo musaotche mapepala ali m'menemo. Aikeni m'pulasitiki mouma, kutali ndi chiswe, ndipo kuseri kwa chithunzi chilichonse lembani ndi pensulo maina a anthu amene mukuwadziwa ndi chaka chimene chinajambulidwa.